Okosijeni sapha munthu: musachedwetse wodwala kunyumba

Mliri wa COVID-19 ukangobwereranso, nayo mphekesera ija imadzuka, yoti munthu akaikidwa pa okosijeni kuchipatala ndiye kuti wapita. Limeneli ndi bodza, ndipo latayitsa miyoyo.

Kachilombo ka matendawa kamafala potsokomola, poyetsemula ndi polankhula. Matenda akakula mapapo amatupa, mpweya n'kumalephera kulowa m'magazi. Izi mukuzidziwa kale.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chithandizo cha kuchipatala chinasintha kwambiri. Mliri utangoyamba mu 2020, madokotala ankalimbana ndi matenda achilendo opanda mankhwala odziwika, ndipo odwala ambiri anamwaliradi. Mantha anu anachokera pamenepo, tikumvetsa. Koma mu June chaka chomwecho, kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti mankhwala akale otchedwa dexamethasone amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala opumira makina, komanso limodzi mwa magawo asanu pakati pa olandira okosijeni. Anamwino anaphunzira kugoneka odwala chafufumimba kuti mapapo atseguke. Mankhwala oletsa magazi kuundana anayamba kuperekedwa, katemera nayenso anabwera. Pamene mtundu wa kachilomboka wotchedwa Omicron unkafala kumapeto kwa 2021, ogonekedwa m'zipatala ankachira ambiri kusiyana ndi nthawi ya mtundu wina wotchedwa Delta.

Koma zonsezi zimathandiza wodwala amene wafika msanga. Wobwera naye atakomoka, milomo itada, amaikidwa pa okosijeni mapapo ataonongeka kale. Akamwalira, abale amati wamupha ndi okosijeni. Ayi, anachedwa naye. Mliri ukafika pachimake zimavuta kuposa apa: mabedi amadzaza, masilinda amaperewera, namwino mmodzi n'kumathamangira odwala ambirimbiri.

Chotidetsa nkhawa china n'chakuti mpweya umatha kutsika m'magazi munthu akuyenda ndi kucheza bwinobwino. Ndiye musadikire kuti agwe. Kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi kakaonetsa nambala yochepera 90, wodwalayo akufunika okosijeni nthawi yomweyo. Akamabanika, akamamva kuwawa pachifuwa, akamasokonezeka mutu kapena kuvuta kudzutsidwa, nyamukani naye ngakhale pakati pa usiku, makamaka ngati ndi wokalamba, woyembekezera, wodwala shuga kapena BP.

Kufukiza sikukweza mpweya m'magazi. Musagulenso nokha dexamethasone, chifukwa sathandiza amene matenda sanakule, ndipo akhoza kumuvulaza. Popita kuchipatala, wodwala ndi womuperekeza avale masiki, ndipo mutenge mankhwala onse amene amamwa kuti adokotala akawaone.