Mlandu suola: ntchito imene imatsala mukazindikira kuti mwalakwa

Taganizirani za munthu amene wasokoneza ntchito, ndipo bwana atafunsa, iye watchula dzina la mnzake. Usiku tulo tamuthawa. M'mawa akamuona mnzakeyo akubwera, amayang'ana pa foni ngati muli uthenga wofunika kwambiri. Pakatha masabata awiri mtima umazizira, ndipo amadziuza kuti zinatha. Komatu mnzake uja akuyendabe ndi mbiri yoti ndi wosasamala, ndipo bwana sanaiwale. Chikumbumtima chinagwira ntchito yake, chinaluma ndithu. Kungoti mwini wake anayesa kuti ululuwo ndiwo malipiro a mlanduwo. Alangizi ndi atsogoleri a zipembedzo amakumana ndi zimenezi kawirikawiri: munthu wavutika mumtima kwambiri, koma palibe chimene wakonza.

Tiyambe ndi kusiyanitsa mitundu ya zolakwa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Chihebri chakale chili ndi mawu atatu odziwika a tchimo. Chata ndi kuphonya, monga woponya mwala amene waphonya chandamale. Avon ndi kukhota, chinthu chimene chapindika mpaka chakhazikika chokhota. Pesha ndi kupanduka, kuswa pangano ukudziwa. Wophonya amafunika kusamala ndi kuphunzira. Wokhota amafunika kuwongola chizolowezi, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Wopanduka amafunika kuyamba wavomereza kuti anachitira dala. Anthu ambiri amalephera kusintha chifukwa amatenga chizolowezi cha zaka khumi n'kumachitcha ngozi ya tsiku limodzi.

Chopinga chachikulu ndi manyazi. Mu 1971 katswiri wa za maganizo Helen Block Lewis anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene timakonda kuzisakaniza. China ndi kudziimba mlandu, pamene mtima umati "ndachita choipa". China ndi manyazi, pamene mtima umati "ndine woipa". Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma zotsatira zake n'zotalikirana. Amene akuti "ndachita choipa" maso ake ali pa munthu amene wamupweteka, ndipo amafuna njira yokonzera. Amene akuti "ndine woipa" maso ake ali pa iye mwini, ndipo amafuna pobisala, kapena wina woti amukankhire mlandu. Katswiri wina wa za maganizo, June Tangney, ndi anzake anatsatira akaidi ku America atatuluka m'ndende, ndipo mu 2014 anafalitsa zimene anapeza: omwe ankakonda kudziimba mlandu pa zochita zawo sankabwereza kwambiri milandu, pamene manyazi ankakankhira ambiri ku kuloza ena chala, ndipo kuloza ena chalako kunkayendera limodzi ndi kupalamulanso. N'chifukwa chake kholo limene limauza mwana kuti "ndiwe wakuba iwe" limamuphunzitsa kubisa bwino, pamene lonena kuti "watenga chinthu cha mwini wake, tiye ukabweze" limamupatsa chochita.

Mtima wa munthu uli ndi luso lodziteteza. Katswiri wa za maganizo Albert Bandura anafotokoza njira zisanu ndi zitatu zimene anthu abwinobwino amagonekera nazo chikumbumtima, ndipo zambiri mwa izo zimamveka m'kalankhulidwe. Kuba kumasanduka "kubwereka". Kumenya kumasanduka "kulanga pang'ono". Wina amati "ndinangotumidwa", wina "aliyense amatero", wina "bola ine, pali ena amachita zoposa apa", ndipo womaliza amati "anaziyamba yekha". Anyani amasekana zikundu: mawu amenewa timawamva msanga akatuluka pakamwa pa mnzathu, koma pakamwa pathu amamveka ngati nzeru.

Njira yowagwirira ndi yosavuta, ngakhale imawawa. Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chokha, chokhala ndi zinthu zitatu: chimene munachita, amene munamuchitira, ndi chimene iye anataya. Chiyambe ndi "ndina-", osati "zina-". "Zinachitika kuti ndalama zinasowa" si chiganizo cholondola. "Ndinatenga ndalama za mchemwali wanga, ndipo iye analephera kulipira ngongole yake" ndiye chiganizo. Ngati mwalembamo "koma" kapena "chifukwa", fufutani kuyambira pamenepo. Zifukwa zili ndi nthawi yake, koma si ino. Gawo lachitatu lija, la chimene mnzanu anataya, muyembekezere kuti mwalichepetsa. Ofufuza za maganizo, Roy Baumeister ndi anzake, mu 1990 anayerekeza nkhani zolembedwa ndi olakwa ndi zolembedwa ndi olakwiridwa, ndipo anaona kuti wolakwa amaiona nkhani ngati yaing'ono komanso yotha kale, pamene kwa wolakwiridwa imakhala ikupitirirabe. Choncho mukafika kwa iye, mufunseni kuti zinamukhudza bwanji, kenako mukhale chete mpaka amalize.

Kupepesa nako kuli ndi ziwalo. Mu 2016 Roy Lewicki wa ku Ohio State University ndi anzake anayesa zigawo zisanu ndi chimodzi za kupepesa pa anthu 755: kuonetsa chisoni, kufotokoza chimene chinachitika, kuvomera kuti mlandu ndi wako, kulonjeza kusabwereza, kupereka njira yokonzera, ndi kupempha chikhululukiro. Chimene chinalemera kwambiri ndi kuvomera mlandu, chotsatira ndi kupereka njira yokonzera. Chopepuka kuposa zonse chinali kupempha chikhululukiro. Zimenezi n'zoyenera kuziganizira mofatsa, chifukwa ambiri timathamangira komweko. "Mundikhululukire" ndi mawu abwino, koma akabwera oyamba amasenzetsa wolakwiridwa katundu wina: tsopano iye ndiye ayenera kuchitapo kanthu, ndipo akazengereza amaoneka ngati wouma mtima. Mawu ena oononga ndi "ngati". "Pepani ngati ndakukhumudwitsani" akutanthauza kuti mwina vuto ndi mtima wanu wosachedwa kukhumudwa. Nenani chimene munachita ndi dzina lake, ndipo musalire mpaka wolakwiridwayo ayambe kukutonthozani inu.

Kubweza ndiye pamene pamaonekera ngati munthu akunena zoona. Lamulo la pa Numeri 5:7 limati wolakwa aulule, abweze zonse, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo apereke kwa mwini wake. Ngati munatenga 100, mubweza 120. Chowonjezeracho chili ndi nzeru yake: mwini chinthu sanataye chinthu chokhacho, anatayanso nthawi ndi mtendere. Akatswiri a Chisilamu amaphunzitsa zofanana pa tawba, kutanthauza kulapa: usiye choipacho, umve chisoni, utsimikize kusabwereranso, ndipo ngati unalakwira munthu, umubwezere chake. Pa nkhani ya mbiri, lamulo labwino n'lakuti mukonze pamaso pa anthu omwewo amene anamva bodzalo. Munthu wathu wa kuntchito uja sangathetse mlandu pomugulira mnzake mphatso. Ayenera kubwerera kwa bwana yemwe uja n'kunena kuti, "Bwana, ntchito ija ndinasokoneza ndine."

Pali zina zimene sizibwezeka. Madzi akatayika saoleka. Apo chimene chatsala ndi kufunsa wolakwiridwa chimene chingamuthandize, n'kulandira yankho lake ngakhale litakhala lakuti "musadzandiyankhulenso". Ngati munamuchitira nkhanza ndipo wanena kuti sakufuna kukuonani, kumulondola kuti mupepese ndi kumupwetekanso kachiwiri. Ndipo ngati cholakwacho ndi mlandu wa pa malamulo, kupepesa kwamseri sikulowa m'malo mwa chilungamo.

Tsono muyeso wa kusintha ndi uti? Maimonides, mphunzitsi wa Chiyuda amene anamwalira mu 1204, anapereka muyeso wovuta kuutsutsa: munthu walapa kwathunthu pamene mwayi womwe uja wabweranso, mphamvu zochitira choipacho akadali nazo, koma osachichita. Kuti mufike pamenepo, kulumbira kokha sikukwanira, chifukwa malo ndi nthawi zimatilamulira kuposa mmene timavomerezera. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1973, akatswiri a za maganizo John Darley ndi Daniel Batson anatumiza ophunzira za ubusa ku Princeton, ku America, kuti akalankhule m'nyumba ina, ndipo panjira anaikapo munthu wonamizira kuti wagwa, akubuula. Mwa omwe anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa omwe anauzidwa kuti achedwa, anaima ndi 10 okha pa 100. Ena mwa iwo ankapita kukalankhula za Msamariya wachifundo.

Choncho fufuzani kumene cholakwa chanu chimayambira. Kwa masabata awiri lembani nthawi iliyonse imene mwagwa kapena mwatsala pang'ono kugwa: inali nthawi yanji, munali kuti, munali ndi ndani, munali wotopa, wanjala, woledzera kapena wamantha. Mudzaona kuti zimabwerezabwereza pa malo amodzimodzi, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chanu. Kenako konzani chochita chimodzi chomangidwa pa chizindikirocho, njira imene katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti imathandiza kuposa cholinga chongoti "ndisintha". Musanene kuti "ndisiya kukalipira ana". Nenani kuti "ndikamva mawu anga akukwera, ndituluka panja kwa mphindi zisanu". Musanene kuti "ndisiya bodza". Nenani kuti "akandifunsa za ntchito imene sindinamalize, mawu anga oyamba akhala akuti sindinamalize". Muuzeko munthu mmodzi wodalirika, amene angakufunseni kamodzi pa sabata mosakunyengererani.

Zimatenga nthawi yaitali kuposa imene ambiri amayembekezera. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankaphunzira zizolowezi zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chizolowezi chikhazikike, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kudumpha tsiku limodzi sikunkagwetsa ntchito yonse. Ngati chizolowezi chaching'ono monga kumwa madzi nthawi yake chimatenga miyezi iwiri, mkwiyo wa zaka makumi awiri sungathe pa sabata. Madzi saiwala khwawa, ndiye tsiku lina mudzapezeka mwabwerera. Choopsa pa tsikulo ndi mawu akuti "basi, ndine wotere kale", amene ndi manyazi aja abweranso. Tsiku lomwelo, lisanade, lembaninso chiganizo chimodzi chija, pitani kwa amene mwamulakwira, kenako muone pa pepala lanu kuti ndi chizindikiro chiti chimene simunachikonzekere.