Kulowa maphunziro a kulankhulana ndi kufalitsa mauthenga ku yunivesite: mafunso ndi mayankho

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri mumabuka nkhani ya kosi yoti mwana akachite. Mwana amene ankatsogolera kalabu ya mtsutso, kapena amene ankawerenga nkhani pa asembule, achibale amamugamulira msanga kuti uyu ndi wa pawailesi. Komatu amene amasankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma samva mawu a munthu. Amaona magiredi ndi zimene munthuyo walemba pa fomu. Nawa mafunso amene ophunzira ndi makolo amakonda kufunsa.

Kodi maphunzirowa si utolankhani womwewo?

Ndi apachibale koma ndi osiyana. Mtolankhani amafufuza nkhani n'kuifalitsa. Wophunzira za kulankhulana amafufuza chifukwa chake uthenga umodzimodzi wina amaumvera pamene mnzake amaukana. Amaphunzira kukonza zolankhula pagulu, kukopa anthu ndi mfundo, kutsutsana mwadongosolo, kuyendetsa msonkhano, kuyanjanitsa okangana, kulankhulana pantchito ndiponso pakati pa anthu osiyana chikhalidwe. Amaphunziranso kumvetsera, ngakhale ambiri amadabwa kuti zoterozo zimakhalanso ndi mayeso.

Phunziroli ndi lakale. Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti anthu amakopeka ndi zinthu zitatu: mbiri ndi khalidwe la wolankhulayo, mmene wawakhudzira mtima, ndi kulongosoka kwa mfundo zake. Mpaka lero zitatuzi zimaphunzitsidwabe. Ku America lidaima palokha mu 1914, pamene aphunzitsi 17 a kalankhulidwe ka pagulu adapatuka m'bungwe la aphunzitsi a Chingerezi n'kuyambitsa lawo. Bungwe latsopanolo linkatchedwa Speech Communication Association kuyambira 1970 mpaka 1997, ndipo lero ndi National Communication Association.

Ndiye kuti ndidzatha kuthandiza ana achibwibwi?

Ayi. Kuthandiza achibwibwi, kapena amene asiya kulankhula chifukwa cha sitiroko, ndi ntchito ya zaumoyo ndipo ili ndi maphunziro akeake.

Kuno kwathu amaphunzitsa kuti?

Pa mndandanda wa mapulogalamu mupeza maphunzirowa ali ndi maina osiyanasiyana. Ku Mzuzu University kuli Communication Studies. Ku University of Malawi (UNIMA) ku Zomba kuli Communication and Cultural Studies komanso Media for Development. Ku MUBAS ku Blantyre, komwe akuluakulu amakutchabe ku Poly, kuli Business Communication ndi Journalism. Ku MUST ku Thyolo kuli Language, Communication and Culture. Madigiri amenewa ndi a zaka zinayi.

Makolo amene adaphunzira kale asasokonezeke: kuyambira 2021 Chancellor College ndiyo idatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS. Wolemba UNIMA akuganiza za ku Chichiri akapezeka ali ku Chirunga.

Amasankha ndani, nanga ndifunsira kuti?

Amene angomaliza kumene sekondale amafunsira malo kudzera ku National Council for Higher Education (NCHE), bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. NCHE imatulutsa chilengezo chimodzi cha mayunivesite onse asanu ndi limodzi a boma: UNIMA, MUBAS, KUHeS, MZUNI, LUANAR ndi MUST. Mumalemba fomu imodzi pa intaneti, kulipira ndalama yofunsira malo, n'kusanja mapulogalamu amene mukufuna kuyambira limene mukulifunitsitsa. Wosankhidwa amapatsidwa malo amodzi okha. Cholinga chake n'choti munthu mmodzi asagwire malo ku mayunivesite awiri anzake ali pakhomo.

Chilengezo cha chaka chimenecho ndicho chimanena tsiku lotsekera, ndalama yolipira, chiwerengero cha mapulogalamu oti musankhe, ndi zaka za MSCE zimene zikulandiridwa. Zinthu zimenezi zimasintha, choncho musadalire zimene mkulu wanu adachita nthawi yake. Risiti yolipirira muisunge.

Pamafunika magiredi otani?

Makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza chabe, 9 ndi kulephera. Munthu wokhoza bwino maphunziro onse koma Chingerezi n'kupeza 7, khomo la njira iyi latsekeka. Pamwamba pa zimenezi pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo amalembedwa pambali pa dzina lake. Musaganize kuti poti ndi za kulankhula ndiye kuti onse akufuna zofanana.

Makirediti ndili nawo onse. Basi ndalowa?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene mitima yambiri imasweka. Makirediti amangokulolani kulowa nawo mpikisano. Ofunsira oyenerera amachuluka kwambiri kuposa malo, ndiye amatengedwa ndi amene adakhoza koposa mpaka malo atadzaza. Tiyerekeze wina wapeza 3, 3, 4, 4, 5, 5. Ameneyo ali ndi mapointi 24 ndipo ndi woyenerera. Koma ngati ofuna pulogalamu yomweyo amene adamuposa akwanira kale malo onse, iye atsala. Chaka china, ndi magiredi omwewo, akadatha kulowa. N'chifukwa chake wina akakuuzani motsimikiza kuti "Communication imalowa ndi mapointi akutiakuti", dziwani kuti akukuuzani za chaka chapita.

Nanga kota ija ikadalipo?

Boma lidalengeza mu 2020 kuti lathetsa kusankha motengera boma lochokera. Chimene chidatsala ndi kuganizira mwapadera atsikana ndi ophunzira aulumali.

Ndisanje bwanji mapulogalamu pa fomu?

Ili ndilo funso loyenera kulikhalira pansi, chifukwa pa ndondomeko yonseyi ndi pokhapa pamene wophunzira ali ndi mphamvu magiredi atatuluka kale.

Yambani ndi kuwerenga zimene pulogalamu iliyonse imaphunzitsa, osangoona dzina. Business Communication imapendekera ku makampani: kulemba malipoti, kutsatsa malonda, kuteteza mbiri ya bungwe zinthu zikavuta. Media for Development imayang'ana kumudzi: mauthenga a zaumoyo, ulimi ndi chitukuko kudzera m'wailesi, mavidiyo ndi zisudzo. Communication and Cultural Studies imafuna munthu wokonda kuwerenga ndi kusanthula. Journalism ndi ya amene akufuna chipinda cholembera nkhani. Wofuna kudzakhala mneneri wa banki ndi wofuna kudzayendetsa kampeni ya katemera ku Nsanje sayenera kusanja mofanana.

Kenako dziyezeni moona. Ambiri amadzaza mizere yonse ndi mapulogalamu amene aliyense akuwathamangira, n'kugwa ponseponse. Ena amaika pamwamba kosi imene sakuifuna n'komwe, kungoti amalume anena kuti ili ndi ndalama, ndipo akapatsidwa imeneyo amayamba kulira kuti asinthe. Kusintha pulogalamu mutalowa kale si ufulu wanu. Zimadalira malamulo a yunivesiteyo komanso ngati malo alipo. Nzeru ndi kuika pamwamba chimene mtima ukufuna ndipo magiredi akukuvomerezani, ndipo m'munsi muikemo china chimene mungachiphunzire mosanyinyirika ngakhale sichotchuka. Musalembe pulogalamu imene phunziro lake lofunika mulibe. Mzere umenewo mwangoutaya.

Mwana wanga akaima pagulu anthu amakhala chete. Palibe mayeso a pakamwa oti aonetse luso lakelo?

Pa njira iyi palibe, bambo kapena mayi. Satifiketi ya kalabu ya mtsutso ndi chikho cha mpikisano wa ndakatulo siziwerengedwa. Kunena chilungamo, apa ndondomekoyi imaphonya ana ena aluso, makamaka a m'masekondale oyendera a kumudzi, amene Chingerezi cholemba chidawavuta chifukwa chosowa mabuku koma pakamwa ali bwino zedi. Komabe mayeso a pakamwa akadabweretsa vuto lawonso: woyesa ndi munthu, ndipo munthu amakopeka ndi katchulidwe ka mwana wa sukulu yapamwamba.

Chinanso, mwana wanuyo adziwiretu kuti digiri imeneyi ili ndi zolemba zambiri kuposa zolankhula. Pa mphindi zisanu zoima kutsogolo kwa kalasi pamakhala masiku ofufuza ndi kulemba. Chaka chomaliza pamakhala kafukufuku wolemba yekha. Olongolola ambiri amavutika pamenepa, pamene ana ofatsa, amene kusekondale sankakweza dzanja, amachita bwino chifukwa adazolowera kukonzekera asanatsegule pakamwa. Choncho wamanyazi asaope kufunsira.

Kodi Chichewa chili ndi ntchito m'maphunzirowa?

M'kalasi ndi pamayeso chilankhulo ndi Chingerezi, ndipo Chingerezi chomwecho ndicho chikulowetsani. Koma mukatuluka, anthu ambiri amene mudzawalankhule adzakhala a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Pamene namondwe wa Freddy ankagwetsa mapiri m'chigawo cha kummwera mu March 2023, chenjezo loti anthu asamuke linkafunika kumveka m'chinenero cha pakhomo, lochokera pakamwa pa munthu amene anthuwo amamukhulupirira. Chimodzimodzi nthawi ya kolera, kapena mlangizi akamafotokoza za mbewu yatsopano.

Timawamva pawailesi akuluakulu a madigiri amene akafunsidwa m'Chichewa amakoka Chingerezi pa mawu achitatu alionse, womvera wa ku Ntchisi n'kutsala m'malere. Vuto limenelo yunivesite siidzakuchotserani, mudzalichotsa nokha. Pa holide khalani pabwalo la milandu kwa amfumu, mumve mmene nkhoswe imayalira nkhani ya banja osanyoza mbali iliyonse, kapena mmene mwinimbumba amafotokozera chodwala pamaliro mwachidule koma osasiya kanthu. Zitatu za Aristotle zija muzipeza pamenepo zikugwira ntchito. Ngati pulogalamu yanu ikulolani kutenga phunziro la zinenero za kuno ngati loonjezera, litengeni.

Fizi sindingakwanitse. Boma limalipirira osankhidwa?

Kusankhidwa ndi kwina, kulipiriridwa ndi kwina. Ngongole za ophunzira zimachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo kumeneko mumafunsira padera mutapeza kale malo. Amathandiza amene aonetsa umboni woti ndi osowadi, pa fizi ndi pa ndalama yodzisamalira, ndipo si onse ofunsira amene amapatsidwa. Ophunzira a m'mayunivesite omwe si a boma koma ndi ovomerezeka nawonso amaloledwa kufunsira. Dziwani kuti ndi ngongole yeniyeni. Mukamaliza sukulu iyenera kubwezedwa, ndipo olemba ntchito amayenera kudula pa malipiro anu n'kutumiza ku bungwelo.

Dzina langa silidatuluke. Ndiye kuti zatha?

Sizidathe. Ena amabwereza Fomu 4 kuti akweze magiredi. Ena amayamba ndi satifiketi ndi dipuloma, monga ku Malawi Institute of Journalism, n'kugwirako ntchito, kenako n'kudzalowa digiri pa njira ya akuluakulu. Pa njira imeneyo mumafunsira ku yunivesite yeniyeniyo, osati ku NCHE, ndipo amaona dipuloma ndi zaka zimene mwagwira ntchito. Palinso sukulu zomwe si za boma, monga African Bible College ku Lilongwe yomwe imaphunzitsa Mass Communication ndipo ili ndi wailesi yake.

Musanalipire tambala ku sukulu iliyonse yotere, onani pa mndandanda wa NCHE ngati ndi yovomerezeka. Onaninso pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma kosi imene mukufunayo isanavomerezedwe. Ndipo wina akakuimbirani foni kuti mumutumizire kangachepe akulowetseni pa mndandanda wa osankhidwa, ameneyo ndi wakuba.

Ndidalemba IGCSE, makolo anga ali kunja. Ndingafunsire?

Inde, mayeso ofanana ndi MSCE amalandiridwa, ndipo magiredi ake amasinthidwa kuti afanane ndi a MSCE. Chingerezi chikufunikabe pa mlingo wa kirediti.

Ndikamaliza ntchito ndidzaipeza kuti?

Digiri iyi siitsogolera ku mpando umodzi wodziwika ngati ya unamwino. Omaliza amabalalika: aneneri a makampani ndi nthambi za boma, ofalitsa mauthenga m'mabungwe othandiza anthu, otsatsa malonda, aulutsi, oyendetsa masamba a Facebook a mabungwe, olembera akuluakulu zokalankhula. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, limafuna kuti maofesi a boma akhale ndi munthu woyankha ofuna kudziwa zinthu, ndipo ntchito yotere imayenerana ndi maphunzirowa.

Koma ofuna ntchitozi ndi ambiri, ndipo mukupikisananso ndi amene adachita utolankhani, zamalonda kapena Chingerezi. Pa intavyu amafuna kuona zimene mudachitapo: pulogalamu imene mudajambula, chikalata cha atolankhani chimene mudalemba, kampeni imene mudathandiza nawo. Amene ali ku Zomba ali ndi Chanco Community Radio pakhomo pomwepo. Ena akagogode pa mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi kapena ya ku Nkhotakota, nthawi ya holide, ngakhale kuntchitoko kusakhale malipiro, ndipo chilichonse chimene ajambula kapena kulemba achisunge kuyambira chaka choyamba.