Musanayatse makina pa bodi ya pikapu yakale

Ambiri amene agula pikapu yakale, kaya Nissan 1400 kaya Hilux ya m'ma 1980, amabwera kudzafunsa atagula kale makina owotcherera zitsulo a rodi ndi paketi ya marodi a 6013 a mamilimita 2.5. Makina amenewa ndi abwino pa mageti ndi mafelemu a mawindo. Pa bodi ya galimoto ayi. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi yokha, ndipo rodi ikangokhudza chimabooka. Wophunzira akafuna kutseka bowolo amawonjezera moto, bowo n'kumakulirakulira.

Cha bodi chimafuna makina otchedwa MIG, owotcherera ndi waya wa mamilimita 0.6 ndi gasi, kapena moto wa gasi umene amagwiritsa ntchito owongola mabodi. Koma ngakhale ndi makina oyenera, chovuta n'kutentha. Chitsulo chopyapyala chikatentha mbali imodzi chimafutukuka, pozizira chimakokana, chitseko n'kupotoka osawongokanso. N'chifukwa chake pa bodi sitikoka mzere wautali. Timadontheza: kadontho pano, kena patali, kena mbali inayo, kenako timadikira mpaka pazizire moti dzanja n'kugwirapo. Tikatero timabwerera kudzaika madontho pakati pa oyamba aja, mpaka onse atalumikizana. Chigamba chaching'ono chimatha kudya theka la tsiku, ndipo amene amathamangira kuti amalize msanga ndi amene amadzagula pate wambiri wobisira zolakwa.

Dzimbiri siliwotchereka. Pansi pa mapazi a dalaivala ndi m'munsi mwa zitseko, kumene matope amakhazikika nthawi ya dzinja, dulani ndi galainda mpaka mufike pa chitsulo chowala, ngakhale bowolo likule kuposa mmene mumaganizira. Jambulani mawonekedwe ake pa katoni, mudule chigamba chofanana makulidwe ndi bodiyo, chilowe ndendende. Chopanira cha earth, chimene chili pa waya wachiwiri wa makina, chigwire pa chitsulo choyera, pafupi ndi pamene mukuwotcherera.

Poyesera dzanja, pitani kwa ogulitsa zitsulo zakutha mukagule chitseko chophwanyika. Chiduleni, chilumikizeni, kenako pindani ndi hamala. Chikathyokera pa msoko, ndiye kuti moto sunalowe, ngakhale pamwamba pakuoneka bwino.

Chasisi musayiyambe. Ndi imene imanyamula matumba a chimanga ndi anthu omwe, ndipo msoko woipa pamenepo umadzaonekera galimoto ili pa liwiro. Imeneyo perekani kwa amene anaiphunzira ntchitoyi. M'makoleji monga Lilongwe Technical amaphunzitsa.

Za chitetezo ndinene mosabisa, poti m'misika yathu timaonamo anyamata akuwotcherera atavala magalasi a dzuwa. Magalasi amenewo sateteza. Kuwala kwa moto kumapsereza diso, ululu wake n'kudzayamba usiku, ngati wina wakuthirani mchenga m'maso. Pamafunika chigoba cha galasi lakuda la nambala 10 kapena kuposa, magolovesi achikopa ndi zovala za thonje, osati nayiloni imene imasungunukira pakhungu. Chotsani batire, mipando ndi kapeti, muonenso kumene kwadutsa mapaipi a mafuta ndi mawaya kuseri kwa chitsulocho. Malata opaka zinki utsi wake umadwalitsa mutu ndi kutenthetsa thupi, choncho palani zinkiyo ndipo muzigwirira panja.

Thanki ya petulo ichotsedwe ndi kuikidwa kutali. Yopanda kanthu ndiye yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalira mkati.