Miphika ya ku Machu Picchu inakhala kwa eni pafupifupi zaka 100

Ukapita ndi ana ku Casa Concha, myuziyamu yosunga zinthu zofukulidwa ku Machu Picchu, mudzi wakale wa a Inca, yomwe ili mu Cusco ku Peru kufupi ndi bwalo la Plaza de Armas, usathamangire kuwaonetsa miphika ayi, atopa msanga, paja mzindawu uli pamwamba mamita pafupifupi 3,400 ndiye ngakhale wamkulu ukakwera masitepe ochepa chabe umayamba wefuwefu. Yamba ndi nkhani ya kamnyamata kena.

Pa 24 July 1911 Hiram Bingham wa ku yunivesite ya Yale ku America anakwera phiri lomwe pali Machu Picchu ndi mlimi wina, Melchor Arteaga, kufika pamwamba anapeza anthu alipo kale, akulima m'minda yamiyala yomwe a Inca, olamulira dzikolo kalekale, anasiya, ndipo amene anamuyendetsa m'mabwinjamo anali mwana wa mmodzi mwa alimiwo. Ndiye zoti mkuluyu ndi amene anatulukira Machu Picchu, aaa, ine ndimangoseka. Ana amaikonda heavy mbali imeneyi.

Mu 1912 Bingham anabweranso ndi gulu lake nkuyamba kufukula. Miphika, zikhomo zamkuwa zomangira nsalu, timipeni, mafupa a anthu, zonse m'mabokosi ulendo ku New Haven, komwe kuli Yale. Boma la Peru linalola koma linanenetsa kuti tikadzazifuna mudzabweze. Mukudziwa mmene zimakhalira ukabwereka mnzako khasu, pakapita nthawi amayamba kulitcha lake. Zinthu zija zinakhazikika ku Peabody Museum ya Yale mpaka Peru inatopa nkukasuma kukhoti ku America mu 2008, Purezidenti wa Peru Alan García analembera Obama kalata, anthu anaguba m'misewu, kenako mu November 2010 Yale inavomera kubweza. Katundu woyamba anafika mu 2011, womaliza mu 2012.

Za mafupa zija nazonso ndi nkhani. Katswiri wa Bingham atayeza anati ambiri ndi a akazi, mpomwe panachokera mbiri yoti pamalopo pamakhala anamwali a Dzuwa. Akatswiri ena atadzayezanso patapita zaka zambiri anapeza kuti amuna ndi akazi anali pafupifupi ofanana, ambiri antchito a pamudziwu, wa mfumu ya a Inca Pachacuti, womwe unamangidwa cha m'ma 1450.

Mafupawo kwa ana aang'ono uyambe wawafunsa kaye, ena amaopa. Koma zikhomo zija, kumeneko amazitcha tupu, awuze aziyang'anitsitse, chifukwa mukatuluka panja mwina mukumana ndi mayi wina wa Chiquechua, mtundu wa anthu a kumeneko, atamanga nsalu yake paphewa ndi chikhomo chonga chomwecho.