Madzi odzadza mu ubongo, vuto lobwera matenda ena atatha

Munthu aliyense ali ndi madzi mu ubongo, ndipo ndi ofunika. Amapangidwa m'timapanga tinayi tamkati mwa ubongo, amayenda mozungulira ubongo ndi fupa la msana, kenako amalowa m'mitsempha ya magazi. Munthu wamkulu amapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, koma omwe amakhalamo nthawi imodzi ndi mamililita 150 okha. Ndiye kuti madziwa amasinthidwa katatu patsiku. Njira yawo ikatsekeka, amadzadza monga ngalande yodzala zinyalala m'dzinja. Achipatala amatchula vutoli kuti hydrocephalus.

Zinthu ziwiri zimene zimatseka njirayi kawirikawiri ndi magazi ndi tizilombo.

Ana obadwa masiku asanakwane amakhala ndi timitsempha tofewa kwambiri pafupi ndi timapanga taubongo, ndipo timatha kusweka m'masiku oyambirira. Kwa akuluakulu, mtsempha umaphulika chifukwa cha BP kapena ngozi yapamsewu. Magazi oundana amatha kutseka njira tsiku lomwelo. Choopsa china chimabwera pambuyo pake: magaziwo akamasungunuka amasiya zipsera pamalo amene madzi amayenera kutulukira. Wodwala amaoneka kuti wachira, amatuluka m'chipatala, kenako patapita masabata angapo vuto limayamba.

Tizilombo nato timasiya zipsera zomwezo. Matenda oumitsa khosi, TB ya mu ubongo, ngakhale mavairasi monga wa matsagwidi ndi wotchedwa CMV, amatupitsa khungu lopyapyala lokuta timapanga tija. Pali kanjira kamodzi kopapatiza kwambiri pakati pa phanga lachitatu ndi lachinayi, ndipo kutupa pang'ono chabe kumakatseka. Ku Uganda, pa chipatala cha CURE ku Mbale, madokotala anapeza kuti ana opitirira theka a mitu yodzadza madzi anayamba ndi matenda otentha thupi ali akhanda. Mu 2020 ofufuza anapeza bakiteriya wotchedwa Paenibacillus m'madzi a mu ubongo a ana ambiri otere, ndipo mwa ena munalinso CMV. Apa ndi pamene ndimaumirira kwambiri: mchombo wa khanda usapakidwe ndowe, dothi kapena phulusa, ndipo khanda lotentha thupi kapena lokana kuyamwa lifike kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa khanda, mafupa a mutu amakhala asanagwirane, choncho mutu umakula. Liwombo limatukuka ndi kulimba ngakhale mwana atakhala chete, mitsempha ya pamutu imaonekera, maso amayang'ana pansi mbali yoyera ikuoneka pamwamba. Mwana amasanza, amagona kwambiri, kapena amalira mokuwa. Kupaka mankhwala paliwombo sikutsegula njira yotsekeka mkati, ndipo mwezi uliwonse wodikirira ubongo umapanikizika. Mutu wa mwana wobadwa masiku atakwana umazungulira masentimita pafupifupi 35. Mukapita kusikelo, pemphani kuti ayeze mutu ndi tepi ndi kulemba m'kabuku, makamaka ngati mwana anabadwa wosakwana masiku kapena anadwalapo kwambiri. Muyeso umodzi sunena zambiri, koma miyeso yotsatizana imaonetsa vuto maso asanaone.

Wamkulu mutu wake sungakule. Iye amamva mutu wopweteka kwambiri m'mawa, amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri. Ena amangoyamba kuyenda mokoka miyendo, kuiwala ndi kulephera kugwira mkodzo, achibale n'kumati ndi sitiroko yomwe ija kapena ukalamba.

Chithandizo ndi opaleshoni, ndipo ku Malawi imachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Njira yodziwika ndi kuika kapaipi kotchedwa shunt pansi pa khungu, kochokera mu ubongo kukathira madzi m'mimba. Kamapulumutsa miyoyo, koma kamatha kutsekeka kapena kugwidwa ndi tizilombo, choncho mwana wokhala nako akayamba kusanza ndi kuwodzera muthamange naye. Njira ina ndi kuboola kabowo pansi pa phanga lachitatu kuti madzi adutse kwina. Dr Benjamin Warf, ali ku Mbale, anaiphatikiza ndi kuwotcha mbali ya tiziwalo topanga madziwo. Kafukufuku wa ana 100 a ku Uganda, wofalitsidwa mu 2017, sanapeze kusiyana kwenikweni pa kakulidwe ka nzeru pakati pa njira ziwirizi patatha chaka. Kwa banja lokhala kutali ndi chipatala chachikulu, kusakhala ndi kapaipi m'thupi ndi mwayi waukulu, ngakhale si mwana aliyense amene njirayi imamuyenera. Dokotala amasankha ataona zithunzi za mu ubongo ndi msinkhu wa mwanayo.