Liwiro Silipulumutsa Boti pa Mafunde

Kwa zaka zambiri asodzi ena akhala akukhulupirira kuti nyanja ikawinduka, nzeru n'kuwonjezera moto wa injini kuti boti lizidumpha pamwamba pa mafunde. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo aphetsa anthu. Boti lolemedwa ndi nsomba ndiponso maukonde onyowa limakhala litatitimira kale, choncho likatsika funde mothamanga, kutsogolo kwake kumalowa m'funde lotsatira, madzi n'kukhuthukira mkati. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, chonsecho boti lilibe mabuleki oti woyendetsa n'kuimira akaona chipika kapena bwato la mnzake usiku. N'chifukwa chake malamulo a padziko lonse a 1972 opewera kugundana kwa zombo amafuna kuti liwiro lizigwirizana ndi mphepo, mafunde ndiponso kutalika kwa pamene maso akuona.