Pusi akakulumani, musadikire mawa

Loweruka likafika, anthu ambiri a mu Lilongwe amakapitidwa mphepo ku nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre. Inenso ndimapitako. Ukalowa m'tinjira take, phokoso la maminibasi limazilala, umangomva mbalame ndi masamba ouma akuphwanyika ku mapazi, mwina gwape n'kudutsa patsogolo pako.

Chimene chanditopetsa ndi mawu amene ndimawamva kuchipatala kwa anthu obwera ndi munthu amene wavulazidwa ndi pusi wa m'malo otere: "Kanangomukanda pang'ono, adokotala." Pusi saluma kawirikawiri munthu wongodutsa. Nthawi zambiri amaluma amene wamuonetsa chakudya, ndipo amene anamuzoloweza kulandira m'manja ndife tomwe.

Pali mtsikana wa zaka 7 amene sachoka m'maganizo mwanga. Banja lawo linapita kukayenda ku malo ena otere. Bambo ake anamupatsa nthochi kuti apatse pusi, iwo akujambula pa foni. Pusi wina anatulukira kumbuyo, n'kumuluma padzanja. Kunyumba anathira mchere pabalapo. Litayamba kutupa anapita naye kwa sing'anga, amene anatema mphini kuzungulira bala n'kupakapo phulusa lakuda. Kwa ife anafika patapita masiku 6, dzanja lili ndi mafinya, mwana thupi lili moto. Anachira, koma chala chimodzi sichipindika mpaka pano. Milungu yonse imene tinkamubaya katemera wa chiwewe, mtima wanga unali m'mwamba.

Chiwewe chimabwera kwambiri ndi agalu, izi ndi zoona. Koma nyama iliyonse yoyamwitsa ingathe kuchitenga, ndipo zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe dokotala kapena sing'anga amene angabweze munthu. Katemera amathandiza pokhapokha matendawa asanaonekere.

Choncho mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, osati kungotsira kamodzi. Musamange, musathire mchere, mafuta a galimoto kapena zitsamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukafunsenso za katemera wa kafumbata, ndipo mukamalize jakisoni yense amene akulemberani.

Ena amati tiyambe taona ngati nyamayo ili yamisala. Galu wa pakhomo mungathe kumumanga n'kumamuyang'anira masiku 10. Pusi amene waluma mwana wanu wakwera kale mumtengo pamodzi ndi anzake, ndipo simudzamuzindikiranso.